Galasi pa Mng'alu

Ndinafika ku Masasa ndi mafunso makumi awiri
osindikizidwa bwino,
lililonse ndi kabokosi ka inde ndi ka ayi.
A NyaLuhanga anapukuta manja pachitenje,
nayang'ana pepalalo ngati bilu ya madzi.
Kodi khoma lanu limalowa chinyontho?
Anati, bwerani muone bedi.

Bedi linali pakati pa chipinda
ngati mlendo wokana kutsamira.
Pasimenti miyendo yake inasiya mizere,
dzinja lililonse mzere wake,
kuthawa khoma lakumtunda.
Ndinapinda mafunso aja, ndinatulutsa tepi.
Mapazi atatu m'zaka zinayi.

Mng'alu unayambira pakona, pansi penipeni,
n'kukwera mokhotakhota kukapeza windo.
Ndinamata kagalasi mopingasa,
ndinalemba tsiku ndi pensulo pambali pake.
Khoma likamayendabe, galasi lisweka.
Likapanda kusweka, bala ndi lakale.
Chawanangwa, wa sitandade faifi,
anadzipatsa yekha ntchito ya ulonda.

Mumtima ndinali nditagamula kale mlandu:
njerwa zosapsa, basi.
Ndinagumula imodzi kuseri kwa khitchini,
ndinagula ina yatsopano ku Luwinga,
ndinabwereka sikelo kwa wogulitsa nyemba ku Zigwagwa.
Kuyeza zouma,
kuviika mundowa usiku wonse,
kuyezanso zikudontha.
Zinamwa madzi mofanana.
Ndinabwereza kawiri, ndikufuna kuti sikelo iname.
Sinaname.

Ndiye ndinasiya kubwera dzuwa likuwala.
Ndinadikira mvula ya Epulo,
ija yogwa chopendekera masiku atatu osapuma,
ndinaima kuseri kwa nyumba, jumbo kumutu,
buku m'kati mwa malaya.
Madzi ndinawatsata chobwerera m'mbuyo,
kuchoka pakona,
kudutsa pachitsa chowola,
kukwera kanjira ka ana asukulu
kofiira, koterera, kokumbika ngati mtondo,
mpaka pansi pa malata atsopano a tchalitchi
amene amakhuthula phiri lonse la madzi
pamalo amodzi.
Ndinakumba dzenje pafupi ndi maziko.
Mkono usanalowe mpaka pachigongono
dothi linayamba kulira misozi.

Womanga nyumbayo ndinakamupeza ku Chibavi
akusefa mchenga.
A Chavula sanafune kuona zojambula zanga.
Anati chitsa chija chinali bulugamu,
ankamwa madzi onse a pamenepo,
anadulidwa chaka cha maliro a bambo a pakhomopo
kuti anthu aothe pa siwa.
Anatinso maziko ndi mizere iwiri yokha,
ndalama ya simenti inathera kuchipatala.
Ndinalemba mofulumira kuseri kwa pepala la mafunso,
poti kutsogolo kwake kunalibe kabokosi ka zimenezi.

Lachinayi m'mamawa foni inalira kamodzi n'kuduka.
Kenaka uthenga wa Chawanangwa:
lasweka.

Tsono ndajambula ngalande yokhota ngati chikwakwa,
miyala pansi, vetiva m'mbali,
malata otuluka mapazi awiri kupitirira khoma,
mwala ndi simenti pansi pa kona.
Ndakhala kawiri pabenchi ndi akulu a mpingo
kukambirana za thanki yolandira madzi a denga lawo.
Msonkhano woyamba anandifunsa kuti ndine mwana wa ndani.
Wachiwiri anafunsa mtengo.

Galasi lachiwiri lamatidwa,
tsiku lake lalembedwa pansi pa loyamba.
Ndinauza a NyaLuhanga kuti bedi libwerere kukhoma.
Anaseka, nagwedeza mutu.
Anati lisuntha chikhatho chimodzi chokha,
kenaka adikira dzinja lione,
kenaka chikhatho china.

Ndinatsegula buku langa,
ndinalemba dzina lawo pamwamba pa langa.