Sikisi Poyinti Thuu

Uthenga unandipeza m'basi ya ku Paisley,
mvula ya ku Glasgow ikutsetsereka pagalasi
ngati ilibe kwina kopita.
Morven sanalembepo moni,
nambala yokhayokha, ngati mtengo wa buledi:
sikisi poyinti thuu.

Miyezi khumi ndi inayi
m'galaja ya amalume ake a Ruaridh,
ine ndikuimba ng'oma nditavala magolovesi odula kunsonga,
hita imodzi, anthu anayi.
Tikaiyatsa inkalira m'maikolofoni,
ndiye tinkaizimitsa, n'kujambula mano ali gwegwegwe.
Zonsezo munthu wazimvera kawiri, mwina katatu,
ku London uko, khofi ali pambali,
n'kuziika pasikelo.

Sikisiyo sindikangana naye.
Sikisi ndi munthu wamba, amalipira lendi, sabwera usiku.
Wandisowetsa tulo ndi poyinti thuu.
Anamutola pati?
Pamene mawu a Morven anasasa m'nyimbo yachinayi?
Kapena ndi galu wa aneba
amene anauwa pakati pa kolasi, ife n'kumusiya dala?
Ngati ndi galuyo atiuze,
tikamugulire fupa.

Wounika zimbaleyo dzina lake Imogen Prewitt,
ndipo kulemba amatha, ndisaname.
Akuti chimbale chathu chili ngati nyumba
imene eni ake asamuka dzulo
makatani akadali m'mawindo.
Ndawerenga kanayi
osadziwa ngati watinyoza kapena watisisita.
Akuti gitala amayenda mozemba ngati wangongole.
Za ine mzere umodzi:
"Woimba ng'oma alipo."

Alipo.
Amayi anasindikiza mzerewo, anaumata pafiliji.

Nyuzipepala ina yatipatsa nyenyezi zitatu.
Ina zinayi, koma yalakwitsa dzina la gulu
ndipo chithunzi ndi cha anthu ena, andevu, a ku Leeds.
Dougie wa besi watenga pensulo,
akuphatikiza, akugawa, akufufuta,
akuti tikachotsa ya ku London
ndife anthu a seveni.

Sabata yomweyo mtsikana wina wa ku Los Angeles
wapatsidwa eyiti poyinti naini,
chimbale chimene anapeka anthu khumi ndi awiri.
Ruaridh akuti ndi ndalama zimenezo, n'kulavula.
Ine ndinachiika m'vani ndikugawa katundu ku Govan,
ndipo pa maloboti a pafupi ndi chipatala
ndinapezeka ndikuimba nawo, pakhosi pali gwa,
wam'mbuyo akuliza hutala.
Ruaridh sindinamuuze.

Loweruka tinaimba ku Dundee,
chipinda cha pansi pa bala, denga likudontha thukuta.
Anthu makumi anayi ndi atatu, ndinawawerenga,
woimba ng'oma amaona zonse ali kumbuyo.
Kutsogolo kunali mayi wina, yunifolomu ya unamwino
ikuonekera kunsi kwa jekete.
Nyimbo yachisanu ndi chiwiri,
ija Imogen anati ndi yongodzazira malo,
mayiyo anaiimba yonse, maso ali tsinzinu,
ngakhale mawu amene Morven amaiwala.

Titatha anabwera pa tebulo la zimbale,
anawerenga ndalama zachitsulo imodziimodzi.
Ndinati apa ndiye teni wathu wafika.
Iye anati, "Yachisanu ndi chiwiri ija
ndimaimvera ndikaweruka usiku, m'galimoto, ndisanalowe m'nyumba.
Zinazo ndimadumpha.
Ndipo ng'oma zachuluka."

Tinapakira katundu mvula ikugwa cham'mbali.
Morven anagula tchipisi, tinadyera m'vani magetsi ozimitsa.
Dougie anati tchipisichi ndi seveni poyinti faifi,
mchere wachepa.
Ruaridh anati eyiti, poganizira nthawi yake.
Anandifunsa ine.
Ndinali nditadzaza m'kamwa,
ndiye ndinangogogoda pa dashibodi ndi zala ziwiri
poyambira pa nyimbo yachisanu ndi chiwiri,
pang'onopang'ono,
kuyesa kumva pamene zachuluka.