Dzina Lanu Likadali pa Bilu

Bilu ya magetsi imabwerabe m'dzina lanu, bambo:
Eliodoro Quiroga, nyumba ya chitseko chobiriwira
pamtunda pa Valparaíso.
Mwezi uno yatsikanso.

Ndili mwana ndinkanyansidwa nanu
mukamanditsata ngati chithunzithunzi,
kuzimitsa nyali iliyonse imene ndasiya,
kuzula tchaja pakhoma,
kuvundikira poto wa nyemba
uku mukuti: nthunzi nayonso ndi ndalama.
Mu Julaye, mphepo ya kunyanja ikamaluma,
munkatseka mpata wa kunsi kwa chitseko ndi juzi yakutha
m'malo moyatsa hita.

Nanga takisi ija!
Loweruka lililonse kugwadira matayala anayi
ngati munthu wolapa,
kupopa, kuyeza, kupopanso.
Pa maloboti simunkalimbana ndi munthu.
Phazi lizipepuka, Amparo,
galimoto si bulu woti uzimukwapula.
Mukamadikira wokwera padoko, injini zii,
inu n'kumamvetsera mbalame zikukanganirana mitu ya nsomba.

Lero ndatsitsa m'buti zitsulo zanu zolemera zija,
ndayenda nazo zaka ziwiri popanda ntchito.
Mukanandikalipira: katundu wachabe amamwa petulo.
Ndazisiya pakhonde,
kenaka ndabwerera kukatola sipanala imodzi.

Usiku uno mwana wanga waiwala nyali ya kubafa.
Ndaima pakhomo, chala pa switchi,
ndipo kakhosomole kanu kaja
kandituluka pakhosi panga.
Ndazimitsa.

Kumunsi uko sitima zikuyaka padoko,
kuwala kwake kwaulere
kwakwera phiri lonse
kudzagona pa tebulo pamene munkawerengera makobiri.