Mabotolo a Ndaziona

Mwana wanga wabwera ku holide
akuyenda maso ali pansi ngati wotaya ndalama.
Ine ndimati ndi manyazi a mayeso,
kani akusaka mabotolo.

Mbuzi zisanu zinapita ku fizi,
thonje la chaka chatha linathera komweko,
lero injiniya wanga ali mu ngalande pa Bangula,
thumba la feteleza kumsana,
akulimbirana zinyalala ndi nkhumba za a Zuze.
Anyamata a kabaza aimitsa njinga kuti aseke bwino.

Ndamuuza: Ndaziona, ndaziwonadi.
Botolo ndinalidziwa iwe usanamere mano.
Ndalitsuka, ndathiramo thobwa,
ndaligulitsa pa siteji dzuwa likuswa mtengo,
ndalitolanso, ndalitsukanso.
Aphunzitsi akowo andiphunzitsa chiyani?

Iye akuti: Mayi, inu mumasunga amoyo.
Ine ndikufuna akufa,
obooka, ophwanyika, opondedwa ndi malole a nzimbe,
aja anatseka mlatho chaka cha chigumula
madzi n'kubwerera kudzagona m'nyumba mwathu.

Ndangoti chete. Usiku umenewo ndimaukumbuka.

Tsopano kuseri kwa khola kuli fakitale:
mgolo wodula pakati, sefa, chikombole,
mchenga wa mu Shire woyezedwa pa sikelo yobwereka.
Amadula mapulasitiki tizidutswa ngati akufula fodya,
nsalu pamphuno, pensulo m'tsitsi,
akulemba manambala m'kope lonyowa ndi thukuta.

Njerwa yoyamba inanyenyeka ngati chigumu.
Yachiwiri inapindika, ana n'kuitenga chidole.
Yachisanu ndi chiwiri anaiviika m'ndowa masiku anayi,
anaitulutsa, anaiponda, anaimenyetsa pansi,
kenako anaitana a Fombe ndi ngolo yawo yodzaza nkhuni
kuti tayala lidutsepo.
Ng'ombe zinadutsa, fumbi linakhazikika,
njerwa ili phee, osati ndi mng'alu womwe.

Sanalumphe, sanalulute.
Anangogwada n'kulemba nambala ina.

Mawa akwera basi, akwera mapiri a Thabwa
njerwayo itakulungidwa m'chitenje changa chatsopano,
akuti akaifinye ndi makina mpaka ilire,
aone polekezera mphamvu zake.

Wandisiyira imodzi pakhomo, pamene pamachita matope.
Ndimapondapo ndikamapita ku siteji
dengu la thobwa lili pamutu.
Dzulo botolo lina landibookera m'manja,
ndinakweza mkono kuti ndiliponye kutchire,
koma ndinaliika m'thumba la feteleza lija.