Wokonza Mawailesi wa ku Mtendere

Anabwera mwezi wa fumbi, mtsikana wa ku yunivesite,
kope m'manja, dzina lake Tiyeseko,
nati akufufuza mmene anthu a muno mu Mtendere
amakhalira ndi wailesi.
Ndinaseka. Ndinamukokera kireti ya mabotolo akhalepo
pakati pa nthambo ndi fungo la mtovu wosungunuka.

Funso loyamba: anthu amakonda kumvera chiyani?
Ndinati, mwana iwe, ukafunsa pakamwa akuuza kuti nkhani,
aliyense amafuna kuoneka wozindikira.
Funsa chala.
Taona kabatani aka mmene kanathera mbali imodzi.
Eni ake ndi a Njobvu, mlonda wa ku Kabulonga,
usiku wonse amasakasaka mawu a munthu wina amene ali maso.

Iyi yonona mafuta a kapenta ndi ya Mayi Zilole a pamsika.
Saimvera, amakangana nayo.
Wowerenga nkhani akati mitengo yatsika
amaimenya mbama,
n'chifukwa chake sipika inang'ambika.

Iyo yomangidwa ndi mphira
imayatsidwa nthawi ya mauthenga a maliro basi,
nyumba yonse zii, ndi mphaka yemwe,
kudikira kumva ngati kwawo ku Katete kwagwa mtengo.

Tiyeseko ankalemba, kulemba, cholembera mpaka kutha.
Malaiti akathima ankalembanso zimenezo:
mmene anyamata a kometera tsitsi amathamangira kuno
poti ndili ndi batire la galimoto,
mpira n'kumauonera m'makutu,
wina kulumpha chigoli chisanalowe.

Anafunsa ngati mafoni apha ntchito yanga.
Ndinamulozera kondakitala wa minibasi ya ku tauni,
foni m'thumba la malaya,
koma wolankhula m'katimo ndi yemwe uja,
wangosamuka nyumba.

Sabata yachisanu ndi chimodzi kope analisiya.
Anafika ndi kathumba ka pulasitiki,
m'menemo wailesi yakuda yothyoka chogwirira,
ya bambo ake, amene anagona ku Chingwere zaka zitatu zapitazo.

Ndinaitsegula. Mphemvu zouma, kanthambo kamodzi koduka,
ntchito ya mphindi khumi.
Nditafikira kabatani kuti ndiyese masiteshoni
anandigwira dzanja:
musapotoze, pomwepo ndi pomwe anaisiya.

Tinaiyatsa.
Pamalopo panalibenso siteshoni,
phokoso chabe, ngati mvula pa malata a nyumba yakutali.
Anamvera ndithu, mutu atapendeketsa,
mpaka dzuwa linabisala kuseri kwa thanki ya madzi
ndipo amayi okazinga chimanga anayamba kukoleza mbaula.

Ndinafuna kumufunsa kuti zimenezi azilemba patsamba liti,
nanga adzadzitchula ndani m'buku lakelo.
Ndinangomuuza mtengo wa mabatire.