Buku la Nenani

Ndinatsika minibasi ya ku Chilomoni
nditamanga mawu atatu pansonga ya chitenje:
mwana, lilime, chibwibwi.

Pakhomo la laibulale analemba kuti tikhale chete.
Ndinasekera mumtima:
kuno Nenani wanga akanakhala nambala wani.

A Nankhoma a pakauntala
anagogoda kompyuta, magetsi atathawa kalekale,
kenaka anafukula m'kabati ya timakadi.
"Zachipatala zili uko,
kuseri kwa za ulimi wa fodya."

Mabuku awiri basi.
Lina chiswe chinadya mutu wachitatu wonse,
linalo Chingerezi chouma ngati chimanga chokazinga,
ndi chithunzi cha kholingo long'ambidwa pakati.
Panalibe tsamba lonena za mwana
amene liwu loti "amayi" limamutsamwa pakhosi
mpaka anzake atatopa n'kuseka.

Ndinakopera mzere umodzi wokha
kuseri kwa risiti ya madzi:
musamumalizire mawu, mudikireni.

Madzulo anaima pakhomo, fumbi mpaka m'mawondo,
nayamba, "A... a... a..."
Ndinaluma lilime langali.
Nyemba zinapserera pambaula.
Ndinadikirabe.