Madzi Okwera Phiri

Bambo anga, Idwal Prydderch,
anaswa miyala ya sileti m'phiri lino la ku Wales
zaka makumi atatu,
mpaka fumbi linamanga nyumba m'chifuwa mwawo.
Akayamba kutsokomola, amayi ankatseka zenera
ngati chifuwacho chikuchokera kunja.

Ine ndimalowa m'phiri lomweli pa galimoto,
chipewa cholimba kumutu,
dzina losokedwa pathumba: Meinir.
Ntchito yanga ukaimva koyamba umaseka.
Ndimatumiza madzi kumtunda.

Amati madzi saiwala khwawa.
Zoona. Chuma chathu chonse chagona pomwepo.

Pakati pa usiku mizinda ili m'tulo,
mafakitale atseka pakamwa,
koma kunyanja mphepo ilibe wotchi.
Zipupa zoyera zija zikuzungulira mumdima,
kukolola magetsi opanda wowadya.
Ndipo magetsi sadikira mawa,
alibe thumba, sagona panjira.
Ndiye ndimadina batani,
mapampu n'kubuula pansi pa nsapato zanga,
dziwe lam'munsi n'kunyamuka,
kukwera m'mimba mwa thanthwe
monyinyirika, ngati mwana wotumidwa usiku.

Pofika m'bandakucha
mphepo yonse ija yasanduka madzi,
yakhala phee pamwamba pa phiri.
Nkhosa zimadya udzu m'mbali mwake
osadziwa kuti zikuyenda pakhomo pa nkhokwe.

Kenako limafika tsiku louma mphepo.
Mitambo yakhalira dzuwa kuyambira m'mawa,
madenga agalasi akuyasamula chabe.
Madzulo mpira watha pa kanema,
opambana ndi olephera onse aimirira,
manja osawerengeka alunjika ku ketulo.
Nambala ija ndimailonda pa sikirini,
makumi asanu, kugunda kwa mtima wa mawaya,
yayamba kutsimphina.

Foni. Ndi Gethin, mawu ake a nthawi zonse:
"Meinir, tibwezereni mphepo yathu."

Nditsegula.
Usanamalize kumanga chingwe cha nsapato
phiri lonse layamba kung'ung'udza,
kapu yanga ikuvina yokha patebulo,
madzi akutsika ndi ukali wa wangongole
amene wakumbukira njira.
Kutali, m'chipinda cha odwala,
nyali siinaphethire n'komwe.
Palibe amene wadziwa.
Ndiko kuyamikiridwa kwathu kumeneko.

Musandinamize kuti n'zaulere.
Pa miyeso inayi ya mphamvu yomwe ndinakwezera madzi
itatu yokha ndiyo imabwerako.
Wachinayi phiri limadya,
msonkho wake.
Sindidandaula.
Kwa bambo linatenga woposa pamenepo,
ndipo silinabweze kanthu.

Nthawi zina ndimagwira khoma la mphanga,
lozizira, lotuluka thukuta,
n'kuganiza kuti chapamwamba penapake
pali chipsera cha nyundo yawo.
Iwo ankatulutsa phiri pang'onopang'ono
kukafolera nyumba za anthu osawadziwa.
Ine ndimalidzaza, ndimalikhuthula,
ndimalidzazanso.

Dzulo Eirlys, mwana wanga,
pensulo ili m'kamwa, anafunsa:
"Amayi, ndilembe kuti mumapanga magetsi?"
Ndinati ayi.
Lemba kuti ndimasungira anthu
zimene analibe nazo njala usiku.
Anakwinya nkhope,
nati mzere wa m'bukumo ndi waufupi.

Analemba kuti: amakweza madzi.

Aphunzitsi anaika chizindikiro chofunsa pambali,
ndi inki yofiira.
Panja mvula inali itayambanso,
yokhayo imene imadzaza dziwe lam'mwamba
osatumiza bilu.