Wogulitsa Ayezi ku Moatize

Dzuwa la Okutobala latafuna theka la katundu wanga
nkhomaliro isanakwane.
Chidebe chikukha misozi pansi pa benchi,
nkhuku za eni zikumwa phindu langa.

Zeferino, mwana wa mlongo wanga,
wabwera ndi foni yong'aluka galasi:
"Azakhali, taonani nkhalamba iyi."
Ndaona chinthu chotuwa ngati chipika cha tsanya,
maso ochita ng'ala,
chikuyenda ngati sichifuna kufika.
Akuti ndi shaki wa kumpoto kwenikweni,
kumene nyanja imafunda ayezi
wopanda womgulitsa.
Akuti ena anabadwa njanji isanayalidwe,
mlatho wa pa Zambezi usanalotedwe n'komwe.

Ndafunsa: nanga ntchito yake?
Akuti namgumi akafa n'kumira
iyeyu ndiye mdzukulu,
amakonza maliro mumdima, popanda womuthokoza.
Amatola chofooka, amameza chovunda,
kuti pansi pa nyanja pasasanduke dzala.

Ntchito imeneyo ndikuidziwa.
Bambo anga ankawedza ku Cahora Bassa,
ukonde wawo unali zigamba zokhazokha chifukwa cha mcheni,
koma ankamtukwana mwaulemu.
Ankati dziwe lopanda mano limadwala.

Tsono akuti madziwo ayamba kufunda.
Nsomba zachilendo zikukwera, kutsata kutentha,
mabwato akutsata nsombazo,
maukonde sasankha.
Ndipo nkhalambayi siifulumira kanthu:
kuti ibereke imadikira zaka zoposa zana.
Ikakodwa lero, wolowa m'malo
adzamuona ndani? Osati Zeferino.
Osatinso adzukulu ake.

Sitima ya malasha yalira.
Ndawerenga mabogi mpaka ndasokonezeka,
fumbi lakhala pa ayezi wanga ngati tsabola.
Zeferino akuti utsi wake, ukakapsa kutali,
umakafika mpaka kumeneko.
Sindinamuyankhe.
Malasha omwewo ndiwo amalipira amene amandigula.

Wafika Saizi wa kumgodi, mano okha kuyera,
wapereka makobidi asanu,
waika chibenthu chotsiriza pakhosi, watsinzina.
Madzi akutsika m'malaya, akuda bii.

Ndakhuthula zotsala patsinde pa msawu.
Dothi lamwa kamodzi n'kamodzi,
osasiya ndi chizindikiro chomwe.
Mawa ndidzapikulanso wina ku fakitale.
Koma iwe nkhalamba ya mumdima,
denga lako likatha kudontha,
udzakapikula kuti?